Malo a m'mbali mwa kamtsinje: yambani ndi madzi, mabenchi abwere pambuyo

Zikomo amayi pofunsa. Mwati komiti ya m'dera lanu ili ndi malo okwana pafupifupi hekitala imodzi m'mbali mwa kamtsinje kothira mu Lingadzi, pomwe anthu amatayapo zinyalala, pakati pake padutsa chigwembe, ndipo mukufuna pakhale paki yosewererapo ana ndi yopumulirapo akuluakulu. Ndalama zomwe mwasonkhazo mukuganiza zogulira mabenchi, kapinga ndi mbande za bulugamu. Ndikupempheni, ndalamazo muyambe mwazigwira kaye. Pamalo otere wolamula ndi madzi. Mukapanda kuwakonzera njira, benchi ya simenti yomwe mwaika mu Okutobala mudzaipeza itapendekera m'chigwembe pofika Febuluwale.

Za mapepala ndingodutsa mwachidule. Dziwani mwini malowo, chifukwa muno mu Lilongwe malo ena ndi a khonsolo ya mzinda, ena a unduna wa za malo, ena a Malawi Housing Corporation, ndipo chilolezo chikhale cholemba. Funsani a Lilongwe Water Board ndi a ESCOM pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya awo musanakumbe. Ngati mungaganize zotchinga kapena kupatutsa kamtsinjeko, imeneyo ndi nkhani ya National Water Resources Authority, bungwe la boma loyang'anira madzi, si ya komiti yokha.

Ntchito yeniyeni imayamba mvula ikugwa. Tumani anthu awiri kapena atatu, ndi maambulera awo, akaime pamalopo mvula yamphamvu ili mkati, aone pomwe madzi akulowera, pomwe akuthamanga ndi pomwe akudikha. Ajambule pa foni. Ikakata, yendani m'mbali mwa kamtsinjeko muyang'ane majumbo omwe akola m'nthambi ndi m'bango, komanso mzere wa matope pa mipanda ya nyumba zoyandikira. Pomwe pafika jumbo lapamwamba kwambiri ndi pomwe madzi anafika. Khomani zikhomo kutsata mzere umenewo, kenaka funsani omwe akhalitsa m'deralo kuti chaka chomwe madzi anavuta kwambiri anafika pati. Lingadzi itasefukira mu 2017 inagwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo timitsinje tothira mmenemo timakwiya chimodzimodzi. Kumunsi kwa zikhomozo musamangeko chilichonse cha simenti, ngakhale chimbudzi, ngakhale katungwe.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, werengani motere: mvula ya milimita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi. Ikagwa ya mamilimita 50, yomwe kuno imatha kugwa masana amodzi, hekitala yanuyo yalandira malita 500,000. Pamenepo sitinawerenge ochokera pa malata a nyumba za kumtunda ndi m'ngalande za mumsewu, omwe nthawi zambiri ndi omwe amakumba zigwembe za mtauni.

Nchifukwa chake chigwembe sitiyamba ndi kuchikwirira. Ambiri amathiramo zinyalala ndi zibuma, mvula yoyamba nkukokolola zonse kupita nazo mumtsinje, dzenje nkukula kuposa kale. Pitani kumutu kwake, pomwe madzi akulowera pamalo panu. Ngati akutuluka m'ngalande ya msewu, yalani miyala ikuluikulu pamenepo, mamita awiri kapena atatu, kuti mphamvu yawo ithere pa miyalayo. Kuchoka apo muwamwaze m'ngalande zopingasa zotsata akalozera. Akalozera mumawapeza ndi chida chija cha mitengo itatu chooneka ngati A, cha chingwe ndi mwala, chomwe alangizi a zaulimi amagwiritsa ntchito m'minda. Ngalande ikhale yakuya masentimita 30 mpaka 40, yotambalala mita imodzi, m'mbali mwake motsetsereka pang'onopang'ono kuti mwana akagweramo atuluke yekha. Dothi lokumbalo muunjike kumunsi kwake, ndipo pa mtumbirapo mudzale vetiva. Ngalande iliyonse muisiyire potulukira madzi akadzadza, poyala miyala. Mukaiwala potulukirapo, madzi amadzibowolera okha pomwe pali pofooka ndipo mwayambitsa chigwembe chachiwiri.

Musanakumbe ngalandezo yesani dothi. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi, akaphwa mudzazenso kachiwiri. Akaphwa pasanathe tsiku limodzi, monga zimachitikira pa katondo, ngalande zigwira ntchito. Akakhalabe mpaka masiku awiri, muli pa makande a kudambo, ndipo ngalande pamenepo idzangokhala chithaphwi choswera udzudzu. Mbali yoteroyo isiyeni ikhale dambo ndi udzu wake. Musaione ngati malo owonongeka: dambo limasunga madzi a dzinja nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, ndipo ndi komwe mbalame ndi achule amakhala.

Vetiva amalephera chifukwa cha kadzalidwe. Gawani phata kuti pa phando pakhale timaphukira tiwiri kapena titatu, dulani masamba atsale masentimita 15 mpaka 20, ndipo mapando atalikirane masentimita 10 mpaka 15 basi, mzere umodzi wosadukiza. Mukatalikitsa kuti mbewu ikwanire, madzi amadutsa m'mipatamo mwa liwiro nkukumba. Mita iliyonse imadya mapando 7 mpaka 10, ndiye mzere wa mamita 100 werengerani mapando 1,000. Dzalani nthaka itanyowa bwino, mu Disembala kapena Januwale.

M'chigwembe momwemo ikani timipanda ta miyala topingasa, tosapitirira theka la mita kutalika. Pakati pa kampanda pakhale potsika kuposa m'mbali, kuti madzi adumphire pakatipo, ndipo m'mbali mwake mulowe m'khoma la chigwembe masentimita 30 kapena kuposa, apo ayi madzi amangozungulira. Kumunsi kwa kampanda kalikonse yalani miyala pomwe madzi agwere. Katalikirane kake nkotere: pamwamba pa kampanda ka kumunsi palingane ndi tsinde la kampanda ka kumtunda. Dothi likadzadza kuseri kwake, dzalanipo vetiva ndi nsungwi.

Pa gombe la kamtsinje ndimalangiza kusiya lamba wa mamita osachepera 15 wosalimamo, wosaumbamo njerwa, wosakumbamo mchenga. Bango lomwe lilipo musalitche. Anthu amaliopa chifukwa cha njoka, koma mizu yake ndi yomwe yagwira gombelo. Ingotchetchani mamita awiri m'mbali mwa njira zoyendamo. Pomwe gombe laima ngati khoma, ligwetseni likhale lotsetsereka, mita imodzi kutsika pa mamita awiri kapena atatu aliwonse, kenaka vetiva mizere iwiri kapena itatu. Pa khona pomwe madzi amamenya ndi kudya pansi pokha ndi pofunika madengu a waya odzadza miyala, ndipo apa itanani injiniya. Madenguwa amagwa akangosanjikidwa pamwamba pa mchenga popanda kuwakumbira maziko, kapena akathiramo miyala yaing'ono kuposa maso a waya.

Tsopano mitengo. Bulugamu ayi. Amamwa madzi ambiri moti amaumitsa dambo, pansi pake sipamera udzu wogwira nthaka, ndipo amathothola nthambi zikuluzikulu mosachenjeza, zomwe simungafune pomwe pali ana. Lantana, chitsamba chobaya chomwe chimafalikira msanga, mukampeza zulani ndi mizu yomwe. Pafupi ndi madzi dzalani katope, mwimbi ndi mkuyu, mitengo yomwe imakonda kuponda chinyontho. Mkuyu ndi kachere zikhale kutali ndi mapaipi ndi mipanda, mamita 15 kapena kuposa, chifukwa mizu yake imang'amba. Kumtunda, komwe anthu azikhala, mbawa ndi msikidzi zimapereka mthunzi wabwino; zitalikirane mamita 8 mpaka 10, ngakhale mbande zikadali zazing'ono pamaoneka ngati mwasiya malo ambiri. Nsangu ndi wabwino mwa njira yake, poti umayoyola masamba dzinja nkukhala ndi mthunzi m'chilimwe, koma uli ndi minga, ndiye ukhale m'malire. Mvunguti ndi wokongola, koma zipatso zake nzolemera makilogalamu angapo, choncho pansi pake pasakhale benchi. Kayendeni ku Lilongwe Wildlife Centre, m'mbali mwa Lingadzi yomweyo, ndi ku Botanic Garden kufupi ndi Capital Hill, muone mitengo yachilengedwe itakula musanasankhe.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma inu musapitirire Januwale, kuti mizu igwire mvula isanathe. Mayenje akumbidwe kukadali kouma, masentimita 60 mbali zonse ndi kuya komwe, dothi lapamwamba pa lokha. Lisakanizeni ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino ndipo libwerere pansi. Manyowa osawola amawotcha mizu ndi kuitana chiswe. Vulani chubu, musakwirire tsinde kupitirira pomwe dothi la m'chubu linalekeza, konzani kabeseni kosunga madzi, ndipo udzu wophimbira usakhudze tsinde.

Mitengo yambiri yodzalidwa mtauni muno siifa tsiku lodzala, imafa mu Seputembala ndi Okutobala. Mbande iliyonse imafuna ndowa ya malita 20 kawiri pa sabata chilimwe choyamba. Mbande 100 ndi malita 4,000 pa sabata, kuyambira Meyi mpaka mvula itabwera. Ngati komiti singakwanitse, dzalani 40 ndipo zonse zikule. Iliyonse ikhale ndi khola la nsungwi lotalika mita ndi theka chifukwa cha mbuzi ndi mpira, ndipo pofika Juni mukhale mutalambula mozungulira malo onse kuteteza moto wa osaka mbewa.

Njira zoyendamo muziike pomwe anthu aponda kale. Mukawakhotetsa adzadutsabe pomwepo, pa kapinga wanu. Zikhale zotambalala mamita awiri kuti njinga ya olumala ipatukane ndi munthu, za gelevulo wotsendera bwino, zokwera pang'ono kuposa nthaka ndi zopendekera mbali imodzi masentimita awiri pa mita, kuti madzi asayende m'njiramo. M'mbali mwake musadzale zitsamba zowirira, ndipo mitengo ikakula sadzani nthambi za m'munsi mpaka mamita awiri. Paki yomwe munthu saona kutsogolo kwake amayi ndi atsikana amaileka, ikatero imasanduka pobisalira akuba.

Pomwe panali dzala pali magalasi, mabatire ndi misomali. Chotsani zinyalalazo, thiranipo dothi labwino masentimita 30, ndipo malo osewerera ana akhale kwina, kumtunda. Gwirizanani ndi otolera zinyalala m'dera lanu ntchito isanayambe, chifukwa anthu akasowa kotaya adzabwerera usiku. Madzi a timitsinje ta mtauni amakhala ndi zonyansa za m'zimbudzi, ndipo kolera ya 2022 ndi 2023 sitinaiiwale, ndiye musakonze potsikira ana kuti azisambira. Chimbudzi cha pakiyo chikhale mamita osachepera 30 kuchoka pa madzi, kumtunda kwa zikhomo zija.

Ndalama zanuzo ndingazigawe motere: chaka chino zipite ku miyala, vetiva, mbande, makola ndi malipiro a munthu mmodzi wothirira ndi kulondera, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu lisungidwe la chisamaliro cha zaka ziwiri zotsatira. Kapinga musagule wambiri, mapesi ake amayanga okha mukawadzala motalikirana masentimita 30 mvula ili mkati. Pokhala, pakadali pano zipika ndi miyala ikuluikulu zikwanira. Nyengo ya mvula ikadutsa kawiri mudzakhala mutaona pomwe pamauma msanga ndi pomwe mthunzi wayamba kugwera, ndipo mabenchi mudzawaike pamenepo.