Kuchepetsa udzudzu pakhomo m'nyengo ya dzinja

Mayi, yambani ndi madzi odikha musanawononge ndalama pa mankhwala opopera. Kwirirani zithaphwi ndi maenje amene munaumbamo njerwa, khuthulani madzi a m'matayala akale ndi m'zitini, ndipo muzivundikira migolo, chifukwa kunja kukamatentha dzira limasanduka udzudzu wouluka pasanathe masiku 14. Kwathu tinkapopera madzulo aliwonse popanda kusintha kwenikweni, mpaka tinakwirira dzenje la kuseri kwa bafa limene tinkaliona ngati laling'ono. Komabe udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku, choncho aliyense azigona m'neti yonyikidwa m'mankhwala. Ngati udzudzu sukuchepa, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo mwana akatentha thupi mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi.