Msuweni, za makompuresa aja, tamvera kaye

Eee msuweni, meseji yako ndaiona, pepa ndachedwa, manja anali oyilo okhaokha nde kulemba sindikanatha, ndingoyankhula basi. Umvere mpaka kumapeto, osati zija umachita ndi ma voice a mayi ako zomangodumpha kenako nkuyankha kuti zoona mayi. Wafunsa kuti makompuresa akale a AC, makina oziziritsa m'nyumba, anayi ali kuseri kwa nyumba aja, ogula zitsulo amapereka zingati pa kilo. Chabwino. Koma aaa, ine ndimakudziwa iwe. Mtengo ukanakafunsa eni sikelo, sukanafunsa ine. Ndipo chithunzi chimene mlongo wako waika mu gulu muno dzulo, tachionetsetsa bwino, kumbuyoko pa mpando pali galayinda ya alamu. Nde usandinamize kuti ukufuna mtengo, iwe ukufuna kuwang'amba uchotse kopa, eti? Hahaha. Magazi amenewa.

Ndati magazi chifukwa amalume anayamba kale zimenezi, iwe unali wamng'ono, mwina unangomva mbali yake. Inali nthawi ija atangobwerako kuja, mukudziwa nonse, sitibwereza. Munthu wina amene anamugwirira ntchito analibe ndalama, nde anawapatsa makompuresa awiri, ayi ndanama, atatu, imodzi anaisandutsa mpando wa pakhonde. Wina nkuwauza kuti mkatimo muli kopa wambiri, mwalemera achimwene. Amalume tulo osabwera. M'mawa anakabwereka moto wa gasi kwa mnzawo wowotcherera uja, azakhali akuti bambo tadikirani mufunse kaye odziwa, iwo akuti odziwa ndi ndani kuposa ine. Oyilo sanachotse. Sankadziwa nkomwe kuti muli oyilo. Atangoboola chonchi, ndikuti buu! lawi ndi utsi wina wake wonunkha, woyabwa kukhosi, nkhuku zonse kubalalika, ine ndinali pa zenera ndinaona ndi maso angawa. Munthu anadzuka nsidze palibe. Palibiretu, pamphumi pali see. Anatsokomola masiku angapo, koma kuti apite kukaonana ndi dokotala, ayi, akuti ndi chimfine. Chithunzi chija chili pa khoma kwa agogo, chimene amaoneka ngati adabwa, sanadabwe ayi, ndi azakhali anawajambula nsidze ndi pensulo, ina inakwera kuposa inzake.

Dikira, sinathe. Yachiwiri anati moto ayi, ndidula ndi sowo ya zitsulo. Masiku awiri athunthu akucheka motsata mzere wowotcherera uja, matuza m'manja, masowo kuthyoka. Atatsegula anapeza mota, waya wofiira bwinobwino wozungulira, anamusolola ndi chisulo ndi hamala mpaka usiku, nkumuika mu thumba ngati mwana. Kufika kwa wogula, bamboyo sanayankhule, anangotenga mpeni nkupala waya mmodzi. Mkati mwayera mbee. Aluminiyamu! Kufiira kuja kunali vanishi chabe. Amalume akuti kopa wanga wadwala panjira. Mpaka lero ukawafunsa amati anawabera pa sikelo.

Nde ndimati chani paja... eya. Kompuresa ija kulemera konse ukukumvako ndi chitsulo: chigoba chokhuthala chija, pampu, ndi thupi la mota. Kopa ali mu waya wa mota basi, ndi timapaipi tating'ono totulukira kunja, ndipo poyerekeza ndi kulemera konse ndi gawo lochepa. Tenga maginito uyese, pomwe yakakamira ndi chitsulo, kopa ndi aluminiyamu sagwira maginito. Ogula amaika kompuresa yosatsegula pa gulu lakelake, mtengo wake ndi wotsika inde, kopa woyera ndiye amadula kwambiri, apo sindikutsutsa. Koma werengera ma disiki a galayinda, magetsi, tsiku lako lonse, kenako upeze za amalume zija. Amene amapindula ndi kudula ndi aja ali ndi mulu wa makompuresa ndi zida zake, osati anayi. Ndipo mtengo wa kopa umasinthasintha, wa mwezi watha si wa lero, nde ngakhale nditakutchulira nambala ndikhala ndakunamiza.

Komanso gasi, apa ndiye sindikuseka. Yang'ana kachitsulo kapena sitika yolembedwa pambali. Ukaona R22, ndi ya makina akale, ija maiko anagwirizana kuti ithe pang'onopang'ono chifukwa imaononga ozoni, mpweya wa kumwamba wotiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, pangano la Montreal la 1987 lija. Imeneyo ikakumana ndi lawi imasanduka utsi wa poizoni, ndi umene unawatsokomoletsa amalume. Zatsopanozi zina ndi R32, zina R290, zimenezo zimayaka, R290 ndi propane yeniyeni, gasi woyatsira moto. Usati poti mapaipi anadulidwa kale ndiye mulibe kanthu, gasi wina amatsalira mu oyilo, ndipo oyiloyo payekha ndi zothetheka za galayinda sizimvana. Makompuresa awiri aja akadali m'mabokosi a AC ndi mapaipi osadula, amenewo usawakhudze nkomwe, pafunika munthu wa mafiriji abwere ndi silinda apope gasiyo, osati kungotsegulira mumlengalenga.

Tsono chimene ndikufuna umve ndi ichi, usadule. Ayi, ndiyambe bwino: usadule, ndipo usanagulitse ngati sikirapu tiyeze kaye ngati anafadi. Anthu ambiri amati kompuresa yapsa pomwe chafa ndi kapasita, kachitini kaja, ukakaona katatupa pamwamba dziwa kuti mwina wolakwa ndi kameneko. Koma usakagwire pa mapini ndi manja, kamasunga magetsi. Ine ndibwera ndi mita yoyezera magetsi, pa kompuresa pali mapini atatu, C, S ndi R, tiyeza pakati pawo, kenako pini iliyonse ndi chigoba. Ikalira pa chigoba, yapsa, ipite ku sikelo. Oyilo akakhala wakuda wonunkha chopsereza, chimodzimodzi. Koma ikapezeka yamoyo, ngakhale imodzi, okonza ma AC amaifuna ngati sipeya, ndipo imeneyo siigulidwa pa kilo.

Zakufazo, timapaipi ta kopa takunja udule ndi kodulira mapaipi kapena sowo, utiike patokha, ndipo oyilo umukhuthulire mu chigubu, osati pansi pomwe ana amasewera. Ma koyilo aja, a mapaipi a kopa okhala ndi timapepala ta aluminiyamu, osawaphatikiza ndi zitsulo, ali ndi mtengo wawo, akasakanikirana amakuwerengera zonse ngati chitsulo. Uyeze kunyumba usanapite, ngakhale pa sikelo ya kubafa ya mlongo wako ija amati inawonongeka chifukwa imamunamizira, ndipo ufunse ogula awiri kapena atatu.

Nde wamva? Osadula, tiyeze kaye, zakufa zipite zathunthu. Ndikudziwa pano ukuti aaa munthu uyu amaopa zinthu, ine nditha kusamala. Amalumenso ankatero. Iwe nsidze zako ndi zochepa kale, ukazitaya pensulo ya azakhali inatha. Eee, ndiponso uwauze azakhali usanatulutse chilichonse kuseriko, paja za njinga ija sanaiwale, ine sindifuna kuitanidwanso kudzakhala mboni.

Ndibwera Loweruka m'mawa ndi mita. Mpaka ndifike makompuresawo akhale momwe alili, osatsegula, osaboola, osawayesa ndi hamala. Galayinda ubweze kwa alamu lero, ndiwaimbira madzulo kufunsa ngati yafika. Ndipo sipanala yanga ya 13 uiike poonekera, usati sunaione.