Funsani za maulendo: kukwera Nganda n'kubwerako dzuwa lisanalowe

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo akufunsa za kukwera phiri pakagulu, ndi munthu woperekeza, n'kutsika tsiku lomwelo. Mafunso tawafupikitsa.

Ndife anthu 7 ogwira ntchito malo amodzi. Tikufuna kunyamuka ku Mzuzu Loweruka m'mamawa, kukakwera Nganda ku Nyika, n'kudzagona kwathu. Zitheka? (Bambo wa ku Katoto)

Bambo, maganizo ndi abwino koma tsiku likuchepa. Tiyeni tiwerenge limodzi. Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 70 a phula. Kuchoka ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pa Thazima, chipata cha paki ya Nyika, ndi pafupifupi 55, ndipo kuchoka pa Thazima kukafika ku Chelinda, kumene kuli malo ogona alendo m'pakimo, ndi ena pafupifupi 60. Mbali yaikulu ya mtunda umenewu ndi msewu wafumbi, wamiyala ndi zikweza, moti ngakhale m'chilimwe muikire maola 4 kapena 5. Nganda, amene ndi nsonga yaitali pa Nyika yonse, mamita pafupifupi 2,600, ali patsogolo ndithu: makilomita ena pafupifupi 30 kuchoka ku Chelinda, pakanjira kofuna galimoto yokoka matayala onse anayi. Mukaphatikiza kupita ndi kubwera, m'galimoto mokha mukhalamo maola oposa 11. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma 5:30 madzulo. Ndiye kuti kuwala konse kwathera pamsewu musanaponde phazi paphiri, ndipo chipata cha paki chimatsekedwa madzulo.

Chitani chonchi. Nyamukani Lachisanu nthawi isanakwane 11 koloko m'mawa, mukagone ku Chelinda. Malo ogona ndi woperekeza mukonzeretu musananyamuke. Loweruka ndilo tsiku laphiri, Lamlungu lobwerera. Kugona ku Chelinda, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,300, kumapatsanso thupi usiku umodzi wozolowera mpweya wopepuka wakumeneko.

Mafuta mudzaze ku Mzuzu, muwonjezere ku Rumphi, munyamulenso chigubu cha malita 20, chifukwa m'paki mulibe pothirira mafuta. Kuchoka ku Rumphi, kuzungulira ku Nganda n'kubwereranso ku Rumphi ndi makilomita pafupifupi 300, ambiri a iwo m'magiya aang'ono amene amamwa mafuta kwambiri. Tayala lapadera likhale lopopa, jeke muiyese muli pakhomo, ndipo musaiwale khasu ndi chingwe chokokera.

Chinthu chimodzi mugwirizane musanatsike m'galimoto, ndipo aliyense achinene ndi pakamwa pake: nthawi yotembenuka. Ikakwana, gulu lonse libwerere, kaya nsonga ikuoneka pafupi chotani. Pa Nyika ife timalangiza 12 koloko masana. Powerenga nthawi, gulu la anthu osazolowera limayenda makilomita 3 kapena 4 pa ola, ndipo muwonjezere ola limodzi pa mamita 300 alionse okwera. Kutsika musakuchepetse. Anthu otopa amatsika pang'onopang'ono, ndipo ambiri amabinya phazi potsika, m'zitsinde za udzu zimene zimabisa maenje.

Ngati masiku atatu simungawapeze, sankhani zitunda za Viphya cha ku Chikangawa kapena Luwawa, kufupi ndi msewu wa M1. Kumeneko n'kotheka kupita n'kudzagona ku Katoto.

Ife a ku Mzuzu kuzizira tinakuzolowera. Kodi juzi yanga yakuntchito siyokwanira? Nanga m'chikwama ndiikemo chiyani? (Mayi wa ku Chibavi)

Mayi, kuzizira kwa Mzuzu n'koona, koma Mzuzu ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 okha. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7, ndiye pa Nganda pamazizira kuposa ku Chibavi ndi madigiri pafupifupi 9, mphepo tisanaiwerengere. Pamwamba pa Nyika mbali yaikulu ndi udzu wokhawokha, mitengo yobisalako ndi yochepa. Mu June ndi July, m'mamawa ku Chelinda udzu umayera ndi chisanu.

Chimene chimavulaza anthu si kuzizira kokha ayi, koma kunyowa kophatikizana ndi mphepo. Munthu amakwera atavala juzi yokhuthala, amatuluka thukuta, malaya athonje amkati amanyowa, ndiye akaima pamwamba mphepo imachotsa kutentha m'thupi mofulumira kwambiri. N'chifukwa chake timati valani zovala zitatu zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala. Chamkati chikhale chosasunga madzi, ngati malaya osewerera mpira. Chapakati ndi juzi yaubweya. Chakunja ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula, yokhala ndi chophimba kumutu. Poyamba kukwera vulani juzi muiike m'chikwama ngakhale mukumva kachisanu. Mukaima kuti mupume, ivaleni nthawi yomweyo musanayambe kunjenjemera. Jinzi isiyeni kunyumba, chifukwa ikanyowa imalemera ndipo siuma. Zonsezi zimapezeka pakaunjika mumsika wa Mzuzu, simufunika kuitanitsa kunja.

Nsapato zikhale zokhakhala kupansi, zogwira akakolo, ndipo zoti mwaziyendera kale. Nsapato yatsopano imatulutsa matuza ola lisanathe. Mukangomva kutentha pachidendene, imani, vulani, matani pulasitala khungu lisanatukuke. Zikhadabo za kumapazi muwenge dzulo lake, popeza potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato.

Madzi, malita 2 munthu aliyense, ndipo 3 mu October ndi November. Kukazizira ludzu silimveka, choncho imwani pang'ono mphindi 30 zilizonse osadikira kuti kukhosi kuume. Chakudya chikhale chosafuna moto: mbatata yophika, nthochi, mtedza wokazinga, mazira owiritsa, zitumbuwa, ndi fulasiki ya tiyi wa shuga. Onjezerani chipewa, magolovesi, masokosi apadera omangidwa m'jumbo, mafuta oteteza khungu kudzuwa, tochi, wezulo, ndi mapaketi awiri a Thanzi. Ngati Thanzi palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi abwino. Chikwama chikhale chobereka kumsana ndi malamba awiri, kuti manja akhale omasuka.

Dziwaninso zizindikiro za munthu amene thupi lake lazizira mopitirira: kunjenjemera kosaleka, kupunthwapunthwa, kulephera kumanga zipi, kulankhula ngati woledzera. Mwini wake nthawi zambiri amaumirira kuti ali bwino, ndiye ndi anzake oyenera kuona. Mumchotse pamphepo, mumvule zonyowa, mumveke zouma, mumkhazike pachikwama osati pansi pozizira, ndipo ngati akutha kumeza mumpatse tiyi wotentha wa shuga. Mowa ayi. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kukuthawa m'thupi.

Ndife a kwaya, anthu 32. Bwanji tilipire woperekeza pamene tili ndi mapu pafoni? Ndipo n'chifukwa chiyani mumakonda timagulu ting'onoting'ono? (Mnyamata wa ku Zolozolo)

Achimwene, poyamba ndi lamulo: m'paki simuyenda pansi popanda woperekeza wovomerezeka. Nyika ndi paki yoyamba m'Malawi, inakhazikitsidwa mu 1965, ndipo muli nyama zenizeni. Mbidzi, chilembwe, nchefu ndi mphoyo mudzaziona poyera, koma mulinso akambuku ndi afisi, ndipo m'nkhalango zam'munsi muli njovu.

Komabe chachikulu ndi nkhungu. Zitunda za Nyika zimafanana zokhazokha, chimodzi kuseri kwa chinzake, ndipo nkhungu ikatsika mumaona mamita 10 okha kutsogolo. Foni imakuuzani pamene muli, koma siidziwa dambo limene limamiza mpaka m'mawondo, kapena kuti kanjira kamene mukutsata n'ka nyama kopita kumadzi. Netiweki m'malo ambiri kulibe, ndipo batire imatha msanga kukazizira. Woperekeza amaona mitambo ikusonkhana inu mukadajambula zithunzi. Mu 2009, ku Mulanje, mlendo wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kulowera yekha ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira.

Za kukula kwa gulu, woperekeza mmodzi amatha kuyang'anira bwino anthu 6 mpaka 8. Akapitirira apo mzere umatalika, othamanga amasowa kutsogolo, ofooka amatsalira, ndipo kupuma kwa mphindi 5 kumasanduka 20. Choipa china n'chakuti otsogola akadikira, wotsalira akangofika iwo amanyamuka, ndiye amene watopa kwambiri ndi amene sapuma. Gawani kwayayo m'magulu 4, lililonse ndi woperekeza wake. Woyenda pang'onopang'ono akhale wachiwiri pamzere, munthu wamphamvu atseke kumbuyo, ndipo muziwerengana paliponse pamene mwaima. Wina akasowa, lamulo lake ndi kuima pomwepo, kuvala zofunda, n'kuliza wezulo. Kuyendayenda kumangokulitsa dera lomufunafuna.

Musanalipire, mufunseni woperekezayo kuti mutembenuka nthawi yanji, wanyamula chiyani chothandizira wovulala, ndipo achita chiyani wina akabinya phazi pamwamba. Wodziwa ntchito amayankha mosazengereza. Dzina la aliyense ndi nthawi yobwerera muzisiye ku ofesi ya ku Chelinda.

Mwana wanga amene ali ku Switzerland wandiitana, ndipo akuti wandilipirira ulendo wa tsiku limodzi wopita pamwamba pa phiri ndi kagulu ka alendo. Ndili ndi zaka 62, ndimamwa mankhwala a BP, mawondonso amavuta. Ndikakwera bwanji? (Mayi wa ku Luwinga)

Mayi, mtima ukhale m'malo. Maulendo otere kumapiri a Alps nthawi zambiri sayenda pansi. Amakutengani pabasi, kenako pasitima kapena m'kachipinda kolendewera pachingwe chachitsulo, n'kukutulani pamwamba pamene pali malo odyera ndi zimbudzi. Koma mumufunse mwanayo dzina la phirilo, chifukwa yankho lagona pamenepo.

Ngati ndi Pilatus, kufupi ndi mzinda wa Lucerne, ndi mamita pafupifupi 2,130, kutsikirapo poyerekeza ndi Nganda wathu. Sitima yake yochokera ku Alpnachstad inayamba kuyenda mu 1889, ili ndi mano ogwira njanji, ndipo pena imakwera mamita 48 pa mamita 100 alionse. Nthawi yachisanu siyenda, anthu amakwera pachingwe kuchokera ku Kriens. Pamtunda umenewo ambiri samva vuto.

Ngati ndi Jungfraujoch, nkhani ndi ina. Siteshoni yake, imene inatsegulidwa mu 1912, ili pamamita 3,454, kuposa Sapitwa, ndipo mumafikapo m'maola ochepa kuchokera kuchigwa, thupi lisanazolowere. Kudwala chifukwa chokwera kwambiri kumayamba kawirikawiri munthu akapitirira mamita 2,500. Mpweya umakhala wopepuka, magazi amalandira okosijeni wochepa, ndiye mutu umawawa, mseru umabwera, chizungulire, ndi phuma ngakhale pamasitepe ochepa. Sikusankha wamphamvu kapena wofooka. Mukafika yendani pang'onopang'ono, khalani pansi mphindi 10 zoyamba, imwani madzi, mowa musakhudze. Mutu ukapitirira kuwawa, kapena mukamva kupweteka pachifuwa, uzani woperekeza mutsike ndi sitima yotsatira. Kutsika ndiwo mankhwala ake.

Musananyamuke kaonaneni ndi adokotala, muwauze kutalika kwa phirilo m'mamita, ayeze BP. Mankhwala akhale m'chikwama chapamanja, ndipo musadumphitse tsikulo. Pamwambapo pamakhala chipale chofewa chaka chonse, ngakhale mu July pamene kuchigwa kukutentha. Chimaterera, ndipo chimabweza kuwala kwa dzuwa mpaka kupweteka maso, choncho magalasi akuda ndi nsapato zokhakhala n'zofunika. Ndodo yoyendera ithandiza mawondowo. Woperekeza akatchula nthawi ndi malo okumanirana, lembani papepala, mufikepo mphindi 10 nthawi isanakwane, pakuti sitima zakumeneko sizidikira munthu.

Malangizo a BP omwewa ndi a aliyense wopita ku Nganda, makamaka odwala mphumu ndi shuga.

Mwezi wabwino wopita ku Nyika ndi uti? (Mphunzitsi wa ku Mchengautuwa)

Aphunzitsi, zitengera chimene mukufuna kukaona. Ngati ndi kuona patali, pitani kuyambira May mpaka July. Mvula imakhala itatsuka mlengalenga, ndipo tsiku loyera pa Nganda mumaona nyanja ya Malawi kum'mawa ndi mapiri a ku Tanzania kutsidya kwake. Vuto lake ndi chisanu chimene tanena chija. Kuyambira September mpaka November kumafunda ndipo msewu ndi wouma, koma utsi wa moto wolusa umaphimba kutali. Maluwa a orchid, amene pa Nyika alipo mitundu yoposa 200, amachuluka nthawi yamvula, cha mu January ndi February, pamene msewu wa Thazima umaterera ndipo mphenzi zimavuta masana.

Mukapita nthawi yamvulayo, nthawi yotembenuka muibweze ifike 11 koloko. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve bingu: masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, chokani pamwamba msanga, mutalikirane, mupewe mtengo woima wokha ndi miyala yotumphuka, ndipo mukafika pagalimoto lowani n'kutseka mawindo. Mudikire mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza musanatulukenso.