Tifunseni: makhadi ndikuwerenga bwino, nanga ndalama ikutheranji?

Funso: Akulu, ine ndimakhala ku Area 25 ndipo ndinaphunzira kuwerenga makhadi pa blackjack (gemu ya makhadi ya ku kasino) njira ija ya Hi-Lo, 2 mpaka 6 ndimawonjezera wani, 10 mpaka Ace ndimachotsa wani. Mpamba wanga ndi K800,000, tebulo lomwe ndimakhalapo amayambira K5,000 ndiye kaunti ya makhadiyo ikakoma ndimaponya K50,000. Koma ndalama ikungotsika, ndikulakwitsa pati?

Yankho: Achimwene, kuwerengako mwina mukukhoza ndithu, chikukudyani ndi saizi ya betiyo. Kaunti yomwe mumasunga m'mutuyo muziyamba mwaigawa ndi mapaketi a makhadi omwe atsala kuti mupeze true count. Gemu ikamayamba kasino imakhala patsogolo ndi pafupifupi theka la peresenti, ndipo true count ikakwera ndi wani inu mumalandako theka la peresenti, ndiye pa +3 mwayi wanu uli cha pa 1 peresenti basi. Eya, wani yokha. Zakuti kaunti ikakoma ndiye kuwina kwatsimikizika izo ndi za m'mafilimu, manja ambiri mumaluzabe.

John Kelly wa ku Bell Labs ku America anatulutsa masamu a nkhani imeneyi mu 1956, ndipo Edward Thorp ndi amene anawatchukitsa pa blackjack. Mumatenga mwayi wanu, 1 peresenti ya K800,000 ndi K8,000, nkugawa ndi 1.3 poti gemuyi ili ndi ma double (kuwirikiza beti) ndi ma split (kugawa makhadi awiri ofanana kukhala manja awiri) omwe amakwezetsa ndi kugwetsa ndalama mwamphamvu, zikubwera cha mma K6,000. Inu mukuponya K50,000, ka 8 kuposa pamenepo! Masamu omwewo amati mukangopitirira kawiri beti ya Kelly mpamba umasiya kukula nkuyamba kufota, olo kaunti yanu ikhale yolondola chotani.

Ngakhale Kelly yathunthuyo njowawa, theka la anthu oitsatira amadzaona tsiku lina mpamba wawo utafika pa hafu. Nchifukwa chake akatswiri ambiri amabetcha theka lake, ndalama imakula pang'onopang'ono koma tulo amagona. Kwa inu ndiye K3,000, koma tebulo lanu likufuna K5,000 ndipo mukuiponyanso nthawi yomwe kaunti ili pansi kasino ikukudyani. Mwachidule mpamba wanu sunafike pa tebulo limenelo, ndipo chonde musakauwonjezere ndi ya katapila kapena ya banki mkhonde ya mayi akunyumba.

Musanakhale pansi muziyang'ananso zinthu ziwiri. Ngati dila akubwezera makhadi mu mashini osakaniza dzanja lililonse likatha, palibe chowerenga apo, nyamukani. Ndipo dzanja la blackjack (Ace ndi khadi la 10) likamalipira 6:5 (K6 pa K5 iliyonse yomwe mwabetcha) m'malo mwa 3:2 (K3 pa K2 iliyonse) kasino yawonjezera pafupifupi 1.4 peresenti mbali yake, kuposa ka phindu konse komwe mumasaka pa +3 paja.