Mmene setilaiti imadziwira mpweya umene uli mumlengalenga

Mwafunsa kuti setilaiti ingayeze bwanji mpweya woipa pamene ili kutali ndipo siukhudza n'komwe. Nkhani yagona pa kuwala kwa dzuwa. Kuwalako kukagunda dziko lapansi n'kubwerera kumwamba kumadutsa mumlengalenga, ndipo mpweya uliwonse umameza mbali yakeyake ya kuwalako, moti chipangizo cha pa setilaiti chikagawa kuwalako m'mitundu yambirimbiri, akatswiri amaona pamene pachepa n'kuwerengera kuchuluka kwa mpweya umene wameza.

Umu ndi mmene chimagwirira ntchito chipangizo cha TROPOMI, chimene chili pa setilaiti ya Sentinel-5P yomwe bungwe la ESA, loona za m'mlengalenga la maiko a ku Ulaya, linatumiza kumwamba mu 2017. Chimayeza mitundu ya mpweya monga ozone, methane ndi nitrogen dioxide wochokera m'magalimoto ndi m'mafakitale, ndipo chimaona pafupifupi dziko lonse tsiku lililonse.

Ndikupempheni kuti musachisokoneze ndi masetilaiti a zanyengo monga Meteosat, amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo amajambula mitambo usana ndi usiku chifukwa amaonanso kutentha kwake. TROPOMI imadalira dzuwa, choncho usiku siyeza, ndipo mitambo yochindikala imaibisira mpweya wa pafupi ndi nthaka, womwe ndi umene anthu amapuma. N'chifukwa chake zotsatira zake zimayerekezedwabe ndi za zipangizo zoyezera pansi.