Pitani ku Avebury, achemwali

Achemwali, mwafunsa za kamudzi ka ku England kokhala ndi zinthu zamakedzana komwe mungakacheze tsiku limodzi kuchokera ku London. Ine ndikuti Avebury, ku Wiltshire. Kwerani sitima pa siteshoni ya Paddington ku London mpaka Swindon, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, kenako basi nambala 49.

Mbali ina ya mudziwu ili m'kati mwenimweni mwa bwalo la miyala ikuluikulu yomwe anthu adaimika zaka zoposa 4,000 zapitazo. Polowa salipiritsa, ndipo miyalayo mutha kuigwira ndi manja, pomwe ku Stonehenge, bwalo lina lotchuka la miyala, mumangoonera patali. Nkhosa zimadya msipu pomwepo, choncho yang'anani popondapo! Nsapato zikhale zolimba, kukagwa mvula matope ake si masewera.

Mukatero yendani wapansi kukaona Silbury Hill, chitunda chotalika mamita oposa 30 chomwe anthu adaunjika ndi manja. Kukwerapo nkoletsedwa. Patsidya pa msewu wa A4 pali manda a West Kennet Long Barrow, akale kuposa miyala ija, ndipo mumalowa m'kati. Ine pamenepa mpomwe pamandigwira mtima.

Njala ikakupwetekani, malo odyera ndi kumwera a Red Lion ali m'bwalo la miyala lija.