Kodi Ben Turner anagulitsa anzake?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo kufunsa ngati n'zoona kuti Ben Turner, mtsogoleri wa anthu oomba nsalu ku Yorkshire m'dziko la Britain, anagulitsa anzake pamene anakhala pansi ndi eni makampani mu 1928. Ine ndikuti sanawagulitse, koma kuti mundimvetse, tiyambire kumene bamboyu anachokera.

Turner anabadwa mu 1863 kufupi ndi tawuni ya Holmfirth ku Yorkshire, ndipo anayamba ntchito ya nsalu zaubweya wa nkhosa akadali mwana. Oomba nsalu zathonje ku Lancashire anali ndi mabungwe amphamvu, pamene ku Yorkshire ambiri sankalowa m'bungwe n'komwe, moti malipiro awo ankangodulidwa mwachisawawa. Zimenezi iye anaziona ndi maso ake pa fakitale ya Manningham mumzinda wa Bradford, pomwe antchito ananyanyala ntchito kuyambira mu Disembala 1890 mpaka Epulo 1891 pokana kudulidwa malipiro. Turner anali mmodzi mwa amene ankawatsogolera, koma njala itafika povuta, anthuwo anabwerera kuntchito chimanjamanja. Kugonja kumeneku n'kumene kunathandiza kuti chipani cha Independent Labour Party chikhazikitsidwe mumzinda womwewo mu 1893.

Munthu amene waonapo mabanja akugona ndi njala miyezi inayi osapindula kanthu sathamangira sitiraka. N'chifukwa chake sitiraka ya dziko lonse ya mu Meyi 1926 itatha m'masiku 9 okha, mabungwe atafooka ndiponso ndalama zitawathera, Turner, yemwe anadzakhala wapampando wa TUC (bungwe lalikulu la mabungwe a antchito ku Britain), anavomera kukambirana ndi Alfred Mond, mkulu wa kampani yaikulu yopanga makemikolo ya ICI. Chomwe ankafuna n'chakuti mabwana avomereze mabungwe a antchito ndi kumawafunsa maganizo asanasinthe kayendetsedwe ka mafakitale. A. J. Cook, mlembi wa bungwe la ogwira ntchito m'migodi, anadzudzula zimenezi kwambiri, ndipo sindimunyoza, chifukwa anthu ake ndiwo anazunzika koposa mu 1926.

Chodandaulitsa n'chakuti zokambiranazo sizinaphule kanthu kwenikweni, pakuti mu 1929 mabungwe akuluakulu a olemba anthu ntchito anakana mfundo zazikulu zomwe anagwirizana. Ngati pali mlandu pa Turner, ndi wokhulupirira mabwana mopitirira muyeso. M'chaka chomwecho iye anabwerera ku Nyumba ya Malamulo, komwe anakhalako kale, ngati phungu wa dera la Batley and Morley, nasankhidwa kukhala nduna yoona za migodi m'boma la Ramsay MacDonald. Anamwalira mu 1942.